Mliri wa Covid-19 ndi Mphekesera Zimene Zinayenda Nawo

Amayi anzathu, pamene tikukumbukira zaka zimene bungwe lathu ladutsamo, nkoyenera kuti tilembenso za mliri wa Covid-19, kuti adzukulu athu adzadziŵe zimene zinachitikadi.

Matendaŵa anayamba kumveka mumzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Kachirombo kake kamaloŵa m'thupi munthu akapuma mpweya umene wodwala watulutsa potsokomola, poyetsemula kapena polankhula. Kuno ku Malaŵi boma linatseka sukulu pa 23 Malichi 2020, ndipo linaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100, kotero kuti mapemphero ndi maliro omwe zinasintha kachitidwe. Pa 2 Epulo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti anthu atatu apezeka ndi matendaŵa ku Lilongwe.

Popeza poyamba odwala anali ochepa, ndipo ambiri anali obwera kuchokera kunja, mphekesera zinapeza malo. Ena ankati aŵa ndi matenda a azungu ndi olemera okha. Ena ankati boma likungofuna ndalama za chithandizo. Bodza loopsa koposa linali lakuti woloŵa m'chipatala sabwerako. Chifukwa cha mantha, odwala ankakhala pakhomo, namamwa mandimu ndi jinja, nafukiza masamba a bulugamu. Ankafika kuchipatala mpweya utathina kale, ndipo akamwalira, anthu ankati bodza lija latsimikizika.

Mu Januwale 2021 mliri unakula kwambiri. Zipatala zinadzaza, ndipo mpweya wothandiza odwala kupuma unasoŵa. Pa 12 Januwale nduna ziŵiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Tinaika abale athu mofulumira, popanda kugona pasiŵa monga mwa mwambo.

Katemera anafika pa 5 Malichi 2021, wokwana 360,000, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi. Koma mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook anali atafika kale m'midzi, akuti katemerayo amatseka mimba, kapena kuti ndiye chizindikiro cha 666. Anthu anazengereza, ndipo pa 19 Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene masiku ake anali atatha. Komatu amayi ambirimbiri amene anabayitsa anabereka ana athanzi, ndipo tikuwaona akuseŵera m'mabwalo mwathu.

Pamene bungwe la World Health Organization linkalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti ngozi yaikulu yapita, Amalaŵi oposa 2,600 anali atalembedwa kuti anamwalira ndi matendaŵa.

Ife amayi ndife odwazika matenda pakhomo, ndipo mau athu amamveka pachitsime, kuchigayo ndi pamaliro. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mliri wina ukadzabwera, tidzayambe tafunsa anamwino ndi alangizi a zaumoyo tisanauze mnzathu zimene tamva.