Nyali za LED Zolowetsa mu Siling'i: Kaikidwe Kake ndi Kupewa Ngozi za Moto

Nyali za LED zolowetsa mu siling'i ndi zomwe zimaikidwa pabowo lobooledwa pa siling'i, kotero kuti m'chipinda mumangooneka nkhope yake yowala pamene thupi lake lonse limabisika kumtunda. Zafala m'nyumba zatsopano, m'masitolo, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo chifukwa zimaoneka zaudongo ndipo sizidya magetsi ambiri. Nyali ya LED ya mawati 5 kapena 7 imawala mofanana ndi babu ya halogen ya mawati 50, yomwe kale inkaikidwa m'mabowo otere.

Komwe kumachokera kutentha

Anthu ambiri amakhulupirira kuti nyali ya LED sitentha n'komwe. Nzoona kuti sifika pa kutentha kwa halogen, komwe kumaposa madigiri 200, koma nayonso imatulutsa kutentha, ndipo imakutulutsira kumbuyo. Munthu akagwira nkhope ya nyali amamva kuzizira, pomwe chitsulo chakumbuyo kwake, chomwe ntchito yake ndi kumwaza kutenthako mumpweya, chili chotentha. Pafupi ndi chitsulocho pamakhala kabokosi kotchedwa driver, kamene kamasandutsa magetsi a mavolti 230 ochokera ku ESCOM kukhala magetsi ochepa mphamvu oyenera nyaliyo. Nthawi zambiri kabokosi kameneka ndiko kamayamba kuwonongeka, makamaka ngati ndi kotsika mtengo kapena magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima.

Zonsezi zimachitikira pakati pa siling'i ndi denga, malo omwe mwini nyumba sayang'anako. Pansi pa malata, malowa amatentha koopsa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo mumaunjikana fumbi, udzu wa zisa za mbalame ndi zinyalala zokokedwa ndi makoswe. Makoswe omwewo amatafuna mphira wa mawaya. Amalonda ena amasungamo makatoni ndi matumba, osadziwa kuti akuphimba nyali. Nyali yophimbidwa imasowa mpweya woiziziritsa, imafa msanga, ndipo chilichonse chouma chomwe chaigusa chikhoza kuyamba kunyeka pang'onopang'ono kwa maola angapo, lawi lisanaoneke.

Bowo la pa siling'i

Siling'i ya gypsum imachedwetsa moto chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa gypsum ndi madzi omangika mkati mwake, omwe amatuluka ngati nthunzi bolodi ikatenthedwa. Bowo lililonse loboolera nyali limachepetsa chitetezo chimenechi, pakuti moto woyambira m'chipinda umapeza njira yokwerera ku matabwa a denga, kenako n'kudutsa pamwamba pa makoma kupita ku zipinda zina. Pa mzere wa masitolo okhala pansi pa denga limodzi, moto wa sitolo imodzi umafikira anansi mwa njira imeneyi.

N'chifukwa chake pali nyali zolembedwa kuti fire rated, zokhala ndi nambala 30, 60 kapena 90. Nambalayi ndi mphindi zomwe siling'i yoikidwa nyaliyo inapirira moto poyesedwa. Nyali zotere zili ndi chotengera chachitsulo, ndipo zambiri zili ndi mankhwala omwe amafufuma akatenthedwa n'kutseka bowo. Ndizofunika koposa m'nyumba zosanjikizana, momwe kumtunda mumagona kapena kugwira ntchito anthu. Komabe nyali yotere siisandutsa siling'i yofooka kukhala yolimba. Siling'i ya PVC imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 80 ndipo ikapsa imatulutsa utsi wapoizoni. Ya pulayiwudi imayaka ngati nkhuni. Wogula nyali yamtengo wapatali n'kuiika m'siling'i zoterezi asaganize kuti watetezeka.

Kaikidwe

Ntchito yoika nyalizi ndi ya mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Mmisiri asanaboole ayenera kuzimitsa magetsi pa swichi yaikulu, kutsimikiza ndi chipangizo choyezera kuti m'mawaya mulibe moto, ndi kuona kuti bowo silikugwera pa mtanda. Kusema mtanda kuti nyali ikwane ndi kufooketsa chogwirizira siling'i, komanso kumasiya chitsulo chotentha chitatsamira thabwa louma. Mpata wofunika kusiya kuzungulira nyali umalembedwa pa pepala la malangizo la opanga, ndipo umasiyana malinga ndi mtundu wa nyali. Papepalapo, kapena pa nyali penipeni, pamakhalanso chizindikiro chosonyeza ngati nyaliyo ingaphimbidwe ndi zotchingira kutentha zomwe ena amayala pamwamba pa siling'i. Ngati chilolezo chotere palibe, nyali isaphimbidwe.

Polumikizira mawaya ndipo pamayambira moto wambiri wa magetsi. Chizolowezi chopota mawaya awiri ndi dzanja n'kukulunga tepi n'choipa: kutentha kwa pansi pa malata kumamasula tepi, polumikizirapo pamakhwefuka, ndipo waya wokhwefuka amatentha ndi kuthetheka. Mawaya alumikizidwe ndi zomangira zake mkati mwa kabokosi kotsekedwa. Pa nyali za m'nyumba kawirikawiri pamagwiritsidwa ntchito waya wa 1.5 mm² wotetezedwa ndi breaker ya ma amp 6 kapena 10. Ngati breaker ikugwagwa, pali vuto lofunika kulifufuza. Kuichotsa n'kuikapo yaikulu ndi kuchotsa mlonda pakhomo. Nyali ya thupi lachitsulo yomwe opanga ake anaiikira polumikizira waya wa earth ilumikizidwe ndithu. M'bafa, m'khitchini ndi pakhonde pamafunika nyali yosalowa chinyezi, yolembedwa IP44 kapena IP65.

Alimi ndi amalonda ogwiritsa ntchito sola ya mavolti 12 asanyengeke ndi kuchepa kwa nambalayo. Nyali zokwana mawati 60 zimakoka ma amp 5 pa mavolti 12, pomwe pa mavolti 230 zimakoka osafika theka la amp imodzi. Choncho waya wa sola uyenera kukhala wokhuthala, osati kawaya ka sipika, ndipo pafupi ndi batire pakhale fyuzi, chifukwa batire ikachita shoti imatha kufiiritsa waya m'kanthawi kochepa.

Pogula, ndi bwino kusankha nyali yokhala ndi dzina la opanga, mawati, mavolti ndi pepala la malangizo. Katundu wokayikitsa akhoza kukanenedwa ku bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Zizindikiro za ngozi

Nyali yophethiraphethira, yolira ngati njuchi, yozima yokha ikatentha, kapena yodetsa siling'i mozungulira bowo iyenera kuzimitsidwa mpaka mmisiri ataiona. Chimodzimodzinso pakamveka fungo la pulasitiki wopserera. Utsi ukaoneka pa siling'i, anthu onse atuluke, magetsi azimitsidwe pa swichi yaikulu ngati n'kotheka kufikapo mosaika moyo pachiswe, ndipo aitanidwe ozimitsa moto a khonsolo. Madzi asathiridwe magetsi asanazimitsidwe. Chozimitsira choyenera ndi cha ufa wouma kapena cha mpweya wa CO2. Munthu asatsegule chitseko chokwerera m'siling'i kuti asuzumire, pakuti mpweya wolowa pamenepo umakolezera moto womwe unali kungofuka.