Chilangizo ndi Chigwirizano cha Amayi mu Mpingo wa Nkhoma

Pamene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anafika pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889, nayamba kulalikira ndi kutsegula sukulu m'midzi, anapeza kuti ngakhale munthu alowe kalasi, aloweze katekisima, nabatizidwe pamaso pa mpingo wonse, moyo wake weniweni unali kupsera pa mafuwa a kwawo, kumene mwana amabadwira, namwali amalangizidwira, ndi maliro amagonera. Kumeneko mbusa sanali kufikako; mawu anali a anamkungwi.

Poyamba mishoni inaletsa chinamwali, popeza chinali kuyendera limodzi ndi gule wamkulu, ndipo mayi wotumizako mwana wake anali kudulidwa mumpingo. Koma kuletsa nkwapafupi. Mtsikana wa Mkhristu akatha msinkhu anali kukhala wopanda womuuza mwambo, anzake namuseka kuti ndi mwana, kotero kuti amayi ambiri, pomva chisoni ndi manyazi, anali kumtumiza kuchinamwali mobisa. Apa mpingo unachita mwanzeru: unasankha amayi okhwima m'chikhulupiriro, a mbiri yabwino pabanja, nuwatcha alangizi. Iwowa anali kuyala mphasa m'nyumba, kukhazika namwali pakati atawerama, nayamba ndi pemphero. Kenaka anali kumuuza za kusamala thupi lake, za kugwadira akulu popereka madzi, za kuopa Mulungu ngakhale pamene palibe diso la munthu. Chimenechi ndicho chilangizo, ndipo m'mene ndionera ine, chinazika Chikhristu m'midzi ya Achewa kuposa maulaliki ambirimbiri.

Buku Lopatulika litatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, amayi odziwa kuwerenga anachuluka, ndipo m'chaka cha 1940 anakhazikitsa Chigwirizano, bungwe la amayi a mpingo wa Nkhoma, monganso anzawo a ku Blantyre ali ndi Mvano, a ku Livingstonia ali ndi Umanyano. Sikuti mpingo unawamasula kotheratu ayi, pakuti akulu a mpingo anawaikira mwamuna, wotchedwa mkhalapakati, kuti azikhala pa misonkhano yawo ndi kutengera nkhani zawo kubwalo la mpingo, ndipo panapita zaka zambiri mayi asanaloledwe kukhala mkulu wa mpingo.

Komabe amayiwo ntchito anaigwira. Amene anagonapo pa maliro a kumudzi akudziwa chimene ndikunena: dzuwa lisanalowe, amayi aja amatulukira pa njira atatsogozana, wina atasenza mtolo wa nkhuni, wina kambale ka ufa kokutidwa ndi nsalu, nalowa m'siwa, nakhala pansi mozungulira namfedwa; ndipo pakati pa usiku, pamene abambo akuodzera pa moto panja ndi kulira kwayamba kuzilala, mmodzi amayambitsa nyimbo, ena nalandira, kufikira tambala woyamba. Akuluakulu anati maliro nkulirana, koma amayiwa amaliranso a munthu amene si mbale wawo, amene sadzatha kuwabwezera. Ndiwonso amazonda odwala, kusesera nkhalamba, ndi kutsata wobwerera m'mbuyo kufikira atabwezedwa mumpingo.

Mabuku a mbiri anasunga maina a abusa ndi zaka zimene anamanga matchalitchi, koma alangizi oyamba aja ambiri anapita osalembedwa. Inu amene agogo anu akali moyo, khalani nawo pakhonde, muwafunse amene anawalangiza, ndipo mulembe maina amenewo m'buku la mpingo wanu.