Mphunzitsi Amene Anayamba ndi Kuphunzira

Zala za dzanja limodzi sizilingana, ndipo ana a m'kalasi imodzi nawonso salingana. Wina amagwira phunziro pongomva, wina amayamba waona, wina amafuna kukhudza ndi manja. Anthu anachedwa kuvomera zimenezi, monga ikutisonyezera mbiri ya Bambo Charles-Michel de l'Épée.

Wansembe ameneyu anabadwira ku Versailles, m'dziko la France, m'chaka cha 1712. Masiku amenewo ambiri ankayesa kuti mwana wogontha sangaphunzire kanthu, ngakhale katekisimu amene. Cha m'ma 1760, mumzinda wa Paris, Bambo de l'Épée anakumana ndi atsikana awiri apachibale, onse ogontha. Wansembe amene ankawaphunzitsa za Mulungu ndi zithunzi anali atamwalira. Poyang'anitsitsa, Bambowo anaona kuti atsikanawo ankacheza bwino lomwe ndi manja awo. Nzeru anali nazo. Chimene ankasowa ndi mphunzitsi womva chinenero chawo.

Tsono Bambowo anadzichepetsa, nayamba kuphunzira zizindikiro za manja kwa ogonthawo. Pambuyo pake anatsegula sukulu yaulere m'nyumba mwawo momwe, naiyendetsa ndi chuma chawo. Ana amene anthu ankawayesa mbuli anadziwa kuwerenga, kulemba ndi kupemphera. Bambowo anamwalira mu 1789, ndipo mu 1791 boma linatenga sukuluyo kuti ikhale ya dziko lonse. Laurent Clerc, wogontha amene anaphunzira pomwepo, anathandiza kutsegula sukulu yotere ku Hartford, ku America, mu 1817.

Komabe mu 1880 zinthu zinabwerera m'mbuyo. Aphunzitsi a ogontha ochokera m'maiko osiyanasiyana anasonkhana ku Milan, ku Italy, pafupifupi onse ali anthu akumva. Iwo anagamula kuti ana ogontha aziphunzira kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, osati ndi manja. M'sukulu zambiri chinenero cha manja chinaletsedwa, ndipo aphunzitsi ogontha anachotsedwa ntchito. Ana ena anathadi kulankhula, koma ambiri anataya zaka akulimbana ndi mau amene sanawamvepo. Panapita zaka 130 kuti msonkhano wa mtundu womwewo, ku Vancouver, ku Canada, mu 2010, ukane chigamulocho ndi kuvomera kuti chinapweteka anthu.

Cholakwa cha ku Milan sichinachokere m'chidani ai. Chinali kufuna kuti ana onse adzere pakhomo limodzi, limene akuluakulu analizolowera. Ifenso makolo, aphunzitsi ndi akatekisiti timagwa m'mbuna yomweyo pamene titchula mwana kuti ndi wouma mutu chifukwa sanamve monga anamvera mnzake. Mwina saona bwino pabolodi, mwina khutu lake ndi lolemera, mwina angofuna chitsanzo chogwirika. Tisanamuweruze, tichite monga anachitira Bambo de l'Épée: tikhale naye pansi, timuyang'anitsitse, tipeze khomo limene Mulungu anamutsegulira.