Mankhwala a shuga ndi kolesterolo ocokela ku zomela

Matenda a shuga a mtundu waciwili, amene ndiwo ofala mwa acikulile, amabwela pamene thupi silimvela bwino insulini kapena pamene insulini yacepa. Shuga amangozungulila m'magazi m'malo molowa m'minofu. Nthawi zambili mafuta a m'magazi nawonso amasokonezeka, ndipo kolesterolo yoipa, yochedwa LDL, imakangamila m'mitsempha. Ici ndiye cifukwa cake odwala shuga ambili amafa ndi matenda a mtima kapena sitiroko, ndipo ndiye cifukwa cake kucipatala amayang'ana zonse ziwili pamodzi.

Anthu ambili amaganiza kuti mapilisi a kucipatala ndi mankhwala azitsamba ndi zinthu ziwili zosiyana kotheratu. Koma mankhwala a shuga odziwika kwambili padziko lonse, metformin, mbili yake inayambila pa citsamba. Citsambaco ndi Galega officinalis, cimene cimamela ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, ndipo asing'anga akale a kumeneko anali kucigwilitsila nchito. Akatswili atacipima anapezamo galegine, cinthu cimene cimatsitsa shuga koma cili ndi poizoni. Nkhosa zikadya citsambaci kwambili zimafa. Mankhwala oyamba a m'banja limeneli, monga Synthalin wa m'zaka za m'ma 1920, anasiyidwa cifukwa anali kuwononga ciwindi. Metformin anapangidwa koyamba mu 1922 ku Dublin, koma sanagwilitsidwe nchito pa matenda a shuga kufikila mu 1957 pamene dokota wa ku Paris, Jean Sterne, anawayesa pa odwala shuga. Ku America anavomelezedwa mocedwa, kumapeto kwa 1994. Lelo amapangidwa m'fakitale, osati kufinyidwa ku masamba, ndipo ndiwo amene odwala ambili amayambila m'zipatala za mu Zambia.

Nchito yaikulu ya metformin ili m'ciwindi: amaciletsa kutulutsa shuga wambili m'magazi. Amavutitsa m'mimba masiku oyamba, conco amamwedwa pamodzi ndi cakudya. Munthu amene impso zake zafooka kwambili sayenela kuwamwa.

Nkhani ina yofanana nayo ndi ya mtengo wa maapozi. Mu 1835 akatswili anatulutsa m'makungwa a mizu yake cinthu cochedwa phlorizin, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti cimacititsa impso kutaya shuga mu mkodzo. Phlorizin weniweniyo sanakhale mankhwala, pakuti salowa bwino m'magazi akamwedwa ndipo amatsegula m'mimba. Koma pa citsanzo cake panapangidwa dapagliflozin, amene anavomelezedwa ku Ulaya mu 2012, ndi empagliflozin. Awa amatsitsa shuga, ndipo apezekanso kuti amateteza mtima ndi impso. Kudya maapozi sikungalowe m'malo mwawo.

Pa kolesterolo, zomela zimathandiza m'njila ziwili zimene zinapimidwa bwino. Yoyamba ndi ya ma sterol, amene amapezeka m'mafuta ophikila, mu nshawa ndi m'njele monga za mpendadzuwa. Kapangidwe kawo kamafanana ndi ka kolesterolo, conco m'matumbo amalimbilana nayo malo, ndipo ina imatuluka yosalowa m'magazi. Magalamu 2 pa tsiku amatsitsa LDL ndi pafupifupi 10 pelesenti. Vuto n'lakuti cakudya ca masiku onse cimapeleka ocepa kwambili kuposa pamenepo, ndiye cifukwa cake mu 1995 ku Finland anayamba kugulitsa majalini ya Benecol yowonjezelamo zinthu za mtundu umenewu. Pa shuga ma sterol sacita kanthu.

Njila yaciwili ili pafupi ndi mphika wathu. Ndi ulusi wa m'zakudya umene umasungunuka m'madzi n'kukhala wonanda, monga uja umene umapangitsa delele kutelela. Umapezekanso mu nyemba, kayela ndi oats. Ulusi umenewu umagwila ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo, ndipo ciwindi cimakakamizika kutenga kolesterolo m'magazi kuti cipange ndulu ina. Umacedwetsanso shuga wa m'cakudya kulowa m'magazi. Pa oats muyeso wake ndi wodziwika: magalamu 3 a ulusi wochedwa beta-glucan pa tsiku. Nsima ya mgaiwa kapena ya roller meal, imene imasunga gaga, ndi yabwinoko kuposa ya breakfast, ngakhale kuti kukula kwa mtanda kumakhalabe nkhani yaikulu.

Ma statin, amene ndiwo amphamvu pa kolesterolo, sanacokele ku zomela ayi. Akira Endo wa ku Japan anawapeza mu nkhungu m'zaka za m'ma 1970.

Ndiyeno pali zija zimene zimagulitsidwa m'mabotolo ndi m'mapaketi. Berberine, wacikasu, wocokela ku mizu ya zitsamba za ku China monga Coptis chinensis, waonetsa m'mayeso kuti amatsitsa shuga ndi LDL, koma amasokoneza mmene ciwindi cimaphwanyila mankhwala ena, ndipo ndi woopsa kwa amayi apakati, oyamwitsa ndi makanda. Ufa wa moringa, sinamoni ndi madzi onyikamo delele usiku wonse zili ndi ozitamanda ambili, koma mayeso amene anacitika pa anthu ndi aang'ono ndipo zotulukapo zake sizigwilizana. Monga ndiwo, moringa ndi delele ndi zabwino ndithu. Monga mankhwala, palibe amene angakuuzeni kuti sipuni imodzi ya ufa wa pamsika ili ndi mphamvu yoculuka bwanji, pakuti zimadalila nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe kake. Mu Zambia, bungwe loyang'anila mankhwala ogulitsidwa, kuphatikizapo azitsamba, ndi ZAMRA.

Ngozi zenizeni ndi ziwili. Wina amasiya mapilisi cifukwa akumva bwino, pamene shuga wokwela amawononga maso, impso ndi mapazi mwakacetecete kwa zaka. Wina amawonjezela zitsamba pamwamba pa glibenclamide kapena insulini, shuga n'kutsika mopitilila: amanjenjemela, amatuluka thukuta, mutu umasokonezeka, ndipo angakomoke. Zikayamba conco, ngati akali kutha kumeza, mupatseni masipuni atatu a shuga m'madzi, kenako cakudya. Akakomoka musamumwetse ciliconse, thamangilani naye kucipatala. Ndipo popita ku kiliniki, tengani botolo kapena paketi ya ciliconse cimene mumamwa kunyumba, kuti anesi kapena adokota acione pamodzi ndi khadi lanu.