Kadyetsedwe ndi kasamalidwe ka mphaka wopezeka ndi matenda a shuga

Mphaka nayenso amadwala matenda a shuga, ndipo kawirikawiri nthenda yake imafanana ndi ya mtundu wachiwiri yomwe imagwira anthu akuluakulu: thupi limasiya kumvera insulin, kenaka kapamba amafooka n'kulephera kupanga wokwanira. Omwe amagwidwa kwambiri ndi amphaka aamuna ofulidwa, onenepa, okhalira kugona m'nyumba, makamaka akapitirira zaka 7. Mankhwala monga prednisolone akaperekedwa kwa nthawi yaitali amathanso kuiyambitsa.

Mwini wake amayamba kuona mbale ya madzi ikuuma msanga, mphaka akukodza pafupipafupi ndi kuwonda ngakhale akudya kuposa kale. Ena amayenda chopondera zidendene za miyendo yakumbuyo chifukwa shuga wawononga mitsempha. Dokotala wa ziweto sakhutira ndi kuyeza magazi kamodzi, popeza mantha okha amakweza shuga wa mphaka. Amayezanso mkodzo komanso fructosamine, yemwe amaonetsa momwe shuga wakhalira sabata imodzi kapena ziwiri zapitazo.

Nkhani yaikulu ili pa mbale. Mphaka analengedwa kudya nyama, ndipo thupi lake silichita bwino ndi zakudya zokhutitsa. M'makomo ambiri kuno amapatsidwa mkute wa nsima wosakaniza ndi msuzi wa usipa, kapena mpunga ndi buledi zotsala patebulo. Kwa mphaka wa shuga, zimenezi n'kuthira mafuta pamoto. Akatswiri amalangiza chakudya cha mapuloteni ambiri chomwe zokhutitsa zake sizipitirira pafupifupi magawo 12 pa 100 alionse a mphamvu zomwe chimapereka. Chakudya chofewa cha m'chitini nthawi zambiri chimakwanitsa mlingo umenewu kuposa chouma cha m'matumba, ndipo chili ndi madzi omwe wodwalayo akuwasowa. Ofuna kuphika okha afunse dokotala kaye, chifukwa nsomba kapena nkhuku yokha siipereka zonse zofunika m'thupi. Anyezi ndi adyo asalowe m'mbale yake. Amawononga magazi a mphaka.

Kusintha chakudya kuchitike pang'onopang'ono kwa masiku angapo, dokotala akudziwa, chifukwa zokhutitsa zikachepa mlingo wa insulin ungafunike kutsitsidwa. Mphaka wonenepa achepetsedwe thupi mosathamanga, pafupifupi gawo limodzi pa 100 la kulemera kwake pa sabata. Kumumana chakudya kuti awonde msanga n'koopsa: akakhala masiku ochepa osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi, ndipo nthenda imeneyo imapha.

Amphaka ambiri amafunika jakisoni wa insulin kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12, wobayidwa pansi pa khungu. Singano yake ndi yaing'ono kwambiri moti ambiri samva n'komwe akamadya. Chosokoneza ndi ma syringe. Caninsulin ndi ProZinc ali ndi mayunitsi 40 pa mililita (U-40), pomwe glargine, wodziwika ndi dzina loti Lantus, ali ndi 100 (U-100). Kugwiritsa ntchito syringe yosagwirizana ndi botolo kumapereka mlingo wolakwika kwambiri. Insulin asungidwe mufiriji koma asaume. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali, botolo likulungidwe m'kansalu n'kuikidwa m'bokosi lozizira, osakhudzana ndi ayisi. Pakhomo pakhale kope lolembamo nthawi ya jakisoni aliyense. Ngati pali chikaiko kuti wina wabaya kale, ndi bwino kudumpha kusiyana n'kubaya kawiri. Mphaka akakana chakudya, musabaye mlingo wonse musanalankhule ndi dokotala.

Ngozi yofulumira kwambiri ndi kutsika kwa shuga. Mphaka amafooka, amadzandira, amanjenjemera, mwinanso kukomoka. Pakani uchi kapena glucose m'nkhama zake, osamuthira madzi m'kamwa, ndipo thamangirani naye kwa dokotala. Kusanza, kukana chakudya ndi kugona ngati wakufa kungasonyeze vuto lina, la ketoacidosis, lomwe limafuna kugonekedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Kamakina koyezera shuga kamathandiza kwambiri. Kadontho ka magazi kamatengedwa m'mphepete mwa khutu.

Ku America, bungwe la FDA linavomereza mu 2022 mapiritsi a Bexacat, ndipo mu 2023 mankhwala akumwa a Senvelgo, koma amaperekedwa kwa amphaka okhawo omwe sanabayidwepo insulin ndipo sanafooke.

Mosiyana ndi galu, yemwe pafupifupi nthawi zonse amabayidwa moyo wake wonse, mphaka wothandizidwa msanga amatha kufika posiya insulin, makamaka m'miyezi yoyambirira. Nthendayo imatha kubwerera, choncho chakudya chija chisasinthe ndipo sikelo ipitirize kugwira ntchito. Shuga akayamba kutsika mobwerezabwereza pa mlingo womwe kale unkamuyanja, dokotala ndiye aone ngati yakwana nthawi yochepetsa jakisoni.