Kukwera kwa sikelo munthu akayamba kunyamula zitsulo

Kukwera kwa sikelo m'masabata oyamba a masewera onyamula zitsulo kumachitikira anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, makamaka amene thupi lawo silinazolowere ntchito yolemetsa minofu. Munthu amayamba kupita ku jimu n'cholinga chochepetsa thupi, kapena amayamba kunyamula zitini zothira simenti kuseri kwa nyumba, ndiye pakatha sabata ziwiri kapena zitatu akakwera pa sikelo amapeza kuti wawonjezera kilogalamu imodzi kapena makilogalamu awiri. Ena amagwa ulesi pomwepo n'kusiya, poganiza kuti zitsulo zikuwanenepetsa. Ena amadzitonthoza ndi mawu ofala m'majimu akuti imeneyo ndi minofu basi. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti onsewa aphonya. Zambiri zimene zimawonjezeka pa nthawi imeneyi zimakhala madzi, ndipo zifukwa zimene thupi limasungira madziwo zinafufuzidwa kale ndipo n'zodziwika bwino.

Tiyambe ndi mafuta, popeza ndi amene anthu amawaopa kwambiri. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu yokwana makalori pafupifupi 7,700. Kuti munthu aunjike makilogalamu 2 a mafuta m'masiku 14, ayenera kudya makalori oposa 15,000 pamwamba pa amene thupi lake likuwotcha, kutanthauza oposa 1,000 tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Munthu wamkulu amafuna makalori a pakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku, choncho tikunena za munthu amene wawonjezera pafupifupi theka la chakudya chake chonse kwa sabata ziwiri zathunthu. Kadyedwe kotere sikabisika, mwini wake amakadziwa. Mafuta amabwera pang'onopang'ono ndipo amachokanso pang'onopang'ono. Kulemera kumene kwafika m'masiku ochepa, kapena kumene kumakwera Lolemba n'kutsika Lachinayi, n'kwa chinthu china chimene chimalowa ndi kutuluka m'thupi mofulumira.

Nanga minofu? Apa m'pamene ambiri amanamizika, chifukwa mfundoyi ili ndi choonadi pang'ono. Mnofu ndi wothinana kuposa mafuta: lita imodzi ya mnofu imalemera makilogalamu pafupifupi 1.06 pamene lita ya mafuta imalemera 0.9, n'chifukwa chake anthu awiri olemera mofanana amatha kuvala mabuluku osiyana saizi. Koma kuthinanako sikutiuza kanthu za liwiro limene mnofu umakulira, ndipo liwirolo ndi lochepa zedi. Mu 2018 Robert Morton ndi anzake a ku McMaster University ku Canada anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 49 okhudza anthu oposa 1,800. Anapeza kuti atanyamula zitsulo kwa miyezi pafupifupi itatu, anthuwo anawonjezera kilogalamu imodzi ndi pang'ono ya thupi losakhala mafuta, ndipo amene ankawonjezera mapuloteni pa chakudya chawo anapeza magalamu ena 300 okha pamwamba pake. Ngati kilogalamu imodzi ikutenga miyezi itatu, makilogalamu awiri a m'sabata ziwiri sangakhale mnofu. Wina angafunse kuti, ngati mnofu sunakule, zatheka bwanji kuti munthu amene ankalephera makilogalamu 30 tsopano akukweza 40? Funso limeneli linayankhidwa mu 1979 ndi Toshio Moritani ndi Herbert deVries, amene anasonyeza kuti mphamvu za m'masabata oyamba zimachokera kwambiri ku ubongo ndi mitsempha yake yotumiza uthenga. Ubongo umaphunzira kudzutsa timaulusi tambiri ta mnofu nthawi imodzi ndi kutigwirizanitsa bwino, moti mnofu womwe uja umakoka mwamphamvu usanakule. Kukula kwa mnofuwo kumayamba kuoneka kwenikweni pakatha masabata angapo, ndipo ngakhale pamenepo kumayenda mwakachetechete.

Gwero loyamba la madzi ndi nkhokwe ya shuga ya m'thupi. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo thupi limalumikiza timagawo ta shugayo n'kupanga chinthu chotchedwa glycogen, chimene limasunga m'chiwindi ndi m'minofu. Munthu wamkulu amasunga magalamu pafupifupi 100 m'chiwindi ndi 400 m'minofu, ndipo minofu ikamagwira ntchito yolemetsa imadya glycogen wa m'kati mwake momwemo. Mmene nkhokweyi imadzadzidwiranso zinaonekera bwino mu 1966 pa kafukufuku amene madokotala awiri a ku Sweden, Jonas Bergström ndi Eric Hultman, anadzichita okha. Anaika njinga imodzi yopalasira pamalo amodzi pakati pawo, wina kumanja wina kumanzere, aliyense n'kumapalasa ndi mwendo umodzi mpaka kutheratu mphamvu, mwendo winawo uli phee. Kenako anadya zakudya zokhala ndi shuga ndi sitachi wambiri kwa masiku atatu, uku akubaya ntchafu zawo ndi singano yapadera yotengera kachidutswa ka mnofu kuti akapime. Pofika tsiku lachitatu, mwendo umene unatopetsedwa uja unali ndi glycogen wochuluka pafupifupi kawiri kuposa mwendo umene unapuma. Mnofu umene wakhuthulidwa umadzadza nkhokwe yake mopitirira muyezo wakale, pokonzekera ntchito yotsatira. Chimene chikukhudza sikelo n'chakuti glycogen sakhala wouma. Mu 1970 Karl-Erik Olsson ndi Bengt Saltin, a ku Sweden komweko, anawerengera kuti galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi magalamu 3 kapena 4 a madzi. Choncho munthu amene minofu yake yawonjezera magalamu 200 a glycogen akunyamula pafupifupi kilogalamu yathunthu imene analibe mwezi watha, yopanda mafuta ngakhale dontho. Njira yomweyi ikayenda chobwerera ndi imene imasangalatsa anthu amene asiya nsima mwadzidzidzi: makilogalamu amene amathothoka m'sabata yoyamba amakhala glycogen ndi madzi ake, ndipo amabwerera akangoyambiranso kudya.

Gwero lachiwiri ndi kutupa kwa minofu. Aliyense amene anayambapo kunyamula zitsulo amadziwa kuphwanya kwa thupi kumene kumabwera mawa lake ndi mkuja, pamene kutsika masitepe kapena kukhala pa mpando wamfupi kumasanduka ntchito. Ululu umenewu, umene Theodore Hough anaufotokoza mu 1902, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Umabwera chifukwa ntchito yachilendo, makamaka yotsitsa cholemera pang'onopang'ono mnofu uli wokokeka, imavulaza timaulusi ta mnofu m'malo ang'onoang'ono osaoneka ndi maso. Thupi limatumiza magazi ndi maselo okonza pamalopo, ndipo madzi amaunjikana m'kati ndi m'mbali mwa timaulusito. Mu 2016 Felipe Damas ndi anzake a ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil anatsatira kwa sabata 10 anyamata amene minofu yawo inali isanazolowere zitsulo, n'kumawajambula ntchafu ndi makina a sikani. Pa sabata yachitatu ntchafu zinali zitakula ndithu, koma zithunzi zinasonyeza kuti kukulako kunali kwa madzi a kutupa, ndipo kukula kodalirika kwa mnofu kunaoneka kumapeto kwa sabata 10 zija. Apa n'zomveka chifukwa chake wongoyamba kumene amamva kuti malaya amuthina m'mikono. Kutupaku sikukhalitsa, popeza mnofu umene wavulala kamodzi umalimba, ndipo ntchito yomweyo ikabwerezedwa sabata yotsatira imauvulaza pang'ono chabe.

Pali zina zing'onozing'ono zowonjezera. Amene amamwa ufa wa creatine, umene umagulitsidwa kwa onyamula zitsulo, amatha kuwonjezera kilogalamu imodzi kapena makilogalamu awiri m'sabata yoyamba akamamwa magalamu 20 patsiku, chifukwa creatine amakokera madzi m'maselo a minofu. Chakudya chamchere wambiri chimasungitsa madzi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Akazi ambiri amalemererapo masiku oyandikira kusamba. Ndipo munthu amene wayamba kudya nyemba zambiri ndi kumwa madzi ambiri chifukwa cha masewerawa amakhala ndi katundu wochuluka m'matumbo pa nthawi imene akukwera pa sikelo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi kaya ili m'botolo kaya m'mimba.

Komabe kunena kuti ndi madzi kungasanduke chitonthozo china chabodza ngati munthu akubwerezabe mawu omwewo mwezi wachinayi. Madzi a glycogen ndi a kutupa ali ndi malire: amakwera m'masabata oyamba kenako n'kuima. Sikelo ikamakwerabe mwezi ndi mwezi, lamba nayenso n'kumafuna bowo lina, ndiye kuti mafuta alowererapo, ndipo njira yake si yachilendo. Ola limodzi lonyamula zitsulo limawotcha makalori ochepa kuposa mmene thukuta limaonetsera, kawirikawiri a pakati pa 200 ndi 400, chifukwa nthawi yambiri imathera pa kupuma pakati pa zonyamulazo. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la theka la lita lili ndi makalori pafupifupi 200, supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi 120, ndiye mbale ya tchipisi ya pachiwaya ndi chakumwa pobwerera kunyumba zimabweza zonse zimene zawotchedwa n'kuwonjezerapo. Njala ya munthu wochokera ku jimu ndi yeniyeni, ndipo maganizo akuti lero ndavutika ndiyenera kudya amaikulitsa. Kafukufuku wa ku Duke University ku America, amene Leslie Willis ndi anzake anafalitsa mu 2012, anatsatira anthu onenepa 119 kwa miyezi 8. Amene ankangonyamula zitsulo anawonjezera minofu koma sikelo yawo sinatsike, pamene amene ankayenda ndawala kapena kuthamanga anachepetsa mafuta ndi kulemera komwe. Izi sizichotsa phindu la zitsulo. Mu 2021 Michael Wewege ndi anzake a ku Sydney anaphatikiza akafukufuku 58 n'kupeza kuti kunyamula zitsulo pakokha kumachepetsa mafuta a m'thupi ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo malangizo a World Health Organization a mu 2020 amati munthu wamkulu aliyense azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Phindu lake lili pa mphamvu, mafupa, kayendedwe ka shuga m'magazi ndi kutha kudzigwirira ntchito pa ukalamba. Amene akufuna kuti sikelo itsike ayenera kuyang'ananso m'mbale.

Ena amafika ponena kuti sikelo ingotayidwa. Maganizo amenewa apitirira malire, chifukwa sikelo imanena zoona pa funso limodzi lokha limene ingayankhe, loti thupi lonse likulemera bwanji pa mphindi imeneyo. Cholakwika n'kukhulupirira nambala ya tsiku limodzi, pamene kulemera kwa munthu kumasintha ndi kilogalamu imodzi kapena makilogalamu awiri pakati pa m'mawa ndi madzulo, komanso kuyerekeza nambala ya pa sikelo ya kuchipatala ndi ya pa sikelo ya m'mbali mwa msewu, imene munthu waikwera atavala nsapato ndi jekete. Njira yodalirika ndi kugwiritsa ntchito sikelo imodzi yoikidwa pa simenti yosalala, m'mawa munthu atapita kuchimbudzi asanadye, kangapo pa sabata, n'kumayerekeza sabata ndi sabata inzake. Pambali pake pafunika tepi ya telala, yozunguliza pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo munthu atatulutsa mpweya osakoka mimba. Bungwe la NICE la ku Britain linalangiza mu 2022 kuti muyezo umenewu usafike theka la msinkhu wa munthu, kutanthauza kuti wamtali masentimita 170 asafike 85. Sikelo ikakwera koma tepi ili pomwepo kapena ikutsika, masewerawo akuyenda bwino. Zonse ziwiri zikamakwera limodzi kwa sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, chakudya chachuluka.

Kulemera kwina kumangokumana ndi masewerawa pa nthawi koma gwero lake lili kwina, ndipo apa m'pofunika kusamala kwambiri. Mayi amene sikelo ikukwera ndipo wadumphitsa kusamba ayambe wayezetsa mimba. Mankhwala monga prednisolone, insulin ndi jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa anthu ena. Mankhwala otalikitsa moyo a dolutegravir, amene dziko la Malawi linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, anapezeka pa kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg kuti amawonjezera thupi, makamaka kwa amayi. Amene akumwa mankhwalawa akambirane ndi achipatala, asasiye okha. Kuwonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu pamodzi ndi kutupa mapazi, kutupa nkhope kapena kubanika pogona chagada kungakhale chizindikiro cha vuto la mtima kapena la impso. Palinso ngozi imene imachokera ku zitsulo zenizenizo, munthu wosazolowera akadzipanikiza mopitirira muyezo tsiku limodzi, makamaka kukutentha: minofu imawonongeka kwambiri moti zam'kati mwake zimatayikira m'magazi n'kukavulaza impso. Matendawa amatchedwa rhabdomyolysis. Zizindikiro zake ndi ululu woopsa, mkono kapena ntchafu yotupa n'kulephera kupindika, kufooka, ndi mkodzo wochepa wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi a m'diripi akaperekedwa msanga amateteza impso.