Mbenji, Malombe ndi Chiuta: Ndani Amatseka Nyanja?

Ku Alberton kulibe nyanja. Tauniyi ili kummwera chakummawa kwa Johannesburg, m'dera la Ekurhuleni, pakati pa mafakitale ndi misewu ikuluikulu, ndipo wofuna kuona mafunde ayenera kuyenda makilomita oposa 500 kukafika ku Durban. Koma m'makomo a Amalawi okhala ku Alberton, Thokoza ndi Katlehong, fungo la usipa wokazinga si lachilendo. Usipawo umabwera m'matumba pa basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ndalama zimatsata njira yomweyo pobwerera, ndipo zina zimakathera pa injini ya boti kapena pa ukonde watsopano ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Zimenezi sizinayambe dzulo. Olemba mbiri monga John McCracken ndi Wiseman Chirwa anasonyeza kuti ngakhale m'nthawi ya atsamunda, amuna obwera kuchokera ku Joni ndi ku Rhodesia ankagula makoka ndi ndalama zimene anavutikira kunjako. Nkhani ya amene amasamala nsomba za kumudzi imamukhudza munthu wa ku Ekurhuleni m'mbale ndi m'thumba momwe.

Boma la atsamunda linayamba kuganizira za nyanja mochedwa. Mu 1939 linatumiza akatswiri atatu, Ricardo Bertram, Borley ndi Ethelwynn Trewavas, kuti akafufuze nsomba za m'nyanja ya Nyasa, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Kuyambira 1945 mpaka 1947 mtsikana wina wasayansi, Rosemary Lowe, anakhala kunyanja akuphunzira moyo wa chambo. Nthawi imeneyo n'kuti abale a banja la Yiannakis, Agiriki, akupha chambo chochuluka kummwera kwa nyanja ndi maukonde akuluakulu, ndipo asodzi ndi mafumu a ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, ankadandaula kuti alendowo akuwatsirizira ndiwo. Lamulo la zausodzi linabwera mu 1949. Dziko litalandira ufulu, maganizo sanasinthe kwenikweni: maboti okoka makoka pansi pa nyanja anayamba mu 1968, nthambi ya boma yoona zausodzi inakhazikitsidwa mu 1971, lamulo latsopano linatsatira mu 1973. M'malamulo onsewa nsomba zinali za boma, nzeru zinali za akatswiri, ndipo msodzi anali munthu woyenera kumulondera.

Pamene ku Zomba ankalemba malamulo, ku Salima kunkachitika zina zimene maofesi sanazilabadire. M'zaka za m'ma 1950 asodzi ochokera ku Likoma anafika kwa mfumu Makanjira kudzapempha malo ophera utaka pa chilumba cha Mbenji. Mfumu inalola, koma inaika malamulo ake. Nyanja yozungulira chilumbacho imatsekedwa mu Disembala ndi kutsegulidwa mu Epulo. M'miyezi imeneyo pachilumba sipagona munthu. Aliyense amabwerera kumtunda kukagwira khasu. Nyengo ikatsegulidwa, mowa, chamba ndi njuga ndi zoletsedwa, akazi saloledwa kufika pachilumbapo, ndipo kupha nsomba ndi nyali usiku kapena ndi ukonde wamaso ang'onoang'ono ndi mlandu. Wophwanya lamulo amalipitsidwa, ndipo wosamva amapirikitsidwa.

Poyamba cholinga sichinali sayansi. Miyezi ya dzinja ndi ya mphezi ndi namondwe, chilumbacho chili kutali ndi gombe, ndipo akuluakulu ankanena kuti mizimu ya pamalopo siyenera kuputidwa. Koma miyezi yomweyo nsomba zambiri zimaswana, choncho mwambo unagwira ntchito imene wasayansi akanailemba pa pepala. Lamulo loletsa akazi limadzutsa mkangano masiku ano, ndipo mkanganowo ndi woyenera, pakuti akazi ndiwo ambiri mwa oyanika, owamba ndi ogulitsa nsomba pa doko la Chikombe, kumene nsomba za pa Mbenji zimafikira. Chimene palibe angachikane n'chakuti lamulo la Mbenji lakhala likumveka kwa zaka pafupifupi 70, pansi pa atsamunda, pansi pa Kamuzu ndiponso m'nthawi ya zipani zambiri.

Ku Malombe zinthu zinayenda mwina. Nyanjayi ndi yosazama, ndipo imadzazidwa ndi mtsinje wa Shire ukangotuluka m'nyanja ya Malawi. Mu 1982 asodzi anavuulamo chambo choposa matani 8,000. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chambo sichinkafika ngakhale matani 1,000. Anthu anatembenukira ku kambuzi, kansomba kakang'ono, ndipo chida chawo chinali nkacha. Nkacha ndi ukonde woponyedwa pakati pa nyanja mozungulira, kenako munthu amamira kukamanga kunsi kwake kuti nsomba zisathawe. Maso ake ndi ang'onoang'ono, moti umakokolola kasawala, ana a chambo, pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi umene nsomba zimabisalamo. Kafukufuku wa chambo amene boma linachita ndi FAO ndi UNDP kuyambira 1988 mpaka 1992 anatsimikiza zimene amayi ogula nsomba pa doko anali ataona kale.

Boma linalibe maboti, mafuta kapena antchito okwanira kulondera gombe lonse, ndipo mphepo ya ndale inali itayamba kusintha. Choncho mu 1993, chaka cha riferendamu, ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kunayamba ndondomeko yoti boma ndi asodzi aziyendetsa usodzi limodzi. Ndalama zinachokera ku bungwe la Germany la GTZ, ku UNDP, ku Britain ndi ku World Bank. M'madoko munasankhidwa makomiti, amene anthu mpaka lero amangowatchula kuti ma BVC, ndipo pa wailesi ya MBC panayamba pulogalamu ya Usodzi wa Lero.

Pa pepala zinali zokongola. Pa doko zinavuta. Mafaniso Hara, Mmalawi wofufuza zausodzi amene amagwira ntchito ku PLAAS, pa yunivesite ya Western Cape ku South Africa konko, anatsata ntchitoyi kwa zaka zambiri. Anapeza kuti ambiri mwa osankhidwa m'makomiti sanali asodzi n'komwe, ndipo anyamata okoka ukonde, amene amadziwa chimene chimachitika pamadzi usiku, analibe mawu. Misonkhano inkabwera ndi alawansi, ndipo mpando wa m'komiti unayamba kuoneka ngati ganyu. Eni nkacha anauzidwa kuti asinthe maukonde awo n'kugula amaso akulu, akuyembekeza thandizo la ndalama, koma thandizolo silinafike monga ankaganizira. Nawo mafumu, amene kuyambira kale ankalandira mawe, nsomba zoperekedwa kwa mwini doko, anaona komiti ngati mpikisano. Ena anailanda n'kudzazamo abale awo, ena analimbana nayo. Chambo cha ku Malombe sichinabwerere.

Chodabwitsa n'chakuti phindu lina la ntchito ya ku Malombe linakaonekera ku nyanja ina. Eni nkacha ataona kuti kwawo kwauma anasamukira ku Chiuta, nyanja yaing'ono ya ku Machinga imene mbali ina ili ku Mozambique. Asodzi a ku Chiuta ankapha ndi mono, matchera ndi mbedza, ndipo anaona nsomba zikuchepa, madzi akumwa akuvunduka, mitengo ya nsomba ikugwa. Atadandaula kwa mafumu sizinathandize, chifukwa mafumu ena ankalandira kangachepe kwa alendowo. Atamva za makomiti a ku Malombe, anapanga awo popanda wowatuma ndiponso popanda alawansi. Mu 1995 anathamangitsa eni nkacha, ndipo boma linabwera pambuyo kudzavomereza lamulo limene eni nyanja anali atakhazikitsa kale. Anthu a ku Chiuta sanali oyera mtima kuposa a ku Malombe. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankadziwa bwino chimene akuteteza ndi amene akumukaniza. Vuto lawo linatsalira kutsidya, chifukwa lamulo la komiti ya ku Malawi silimanga msodzi wa ku Mozambique.

Mu 1995 momwemo nyanja ya Chilwa inaphwa, monga inachitira mu 1968. Matemba ndi milamba zinatsalira m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayi, ndipo mafumu pamodzi ndi boma analetsa kuthira katupe m'maiwemo kuti mbewu ya nsomba isathe. Madzi atabwerera, nsomba zinabwereranso.

Nyumba ya Malamulo inatsatira mu 1997 ndi lamulo losamala ndi kuyendetsa usodzi, limene kwa nthawi yoyamba linavomereza kuti anthu a m'midzi akhoza kugawana mphamvu ndi boma. Kuchokera pamenepo mabungwe akhala akusinthana pagombe. Ripple Africa inathandiza madera a ku Nkhata Bay kulemba malamulo awoawo oletsa kuphera nsomba masikito ndi kuteteza malo oswanirana chambo, ndipo ntchitoyo inafalikira ku Nkhotakota ndi ku Salima. Bungwe la USAID linathandiza pulojekiti ya FISH kuyambira 2014 mpaka 2019, kenako ina yotchedwa REFRESH. Zina mwa ntchitozi zaphunzira pa zolakwa za ku Malombe, makamaka poika asodzi enieni ndi akazi m'makomiti ndi kupititsa malamulo a m'mudzi ku khonsolo ya boma kuti akhale ndi mano. Komabe pulojekiti imakhala ndi tsiku lotsekera, pamene njala ya m'mudzi wa kunyanja ilibe. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo lero gawo lalikulu la nsomba zophedwa m'nyanja ya Malawi ndi usipa.

Akatswiri anafika ku Mbenji mochedwa, ndipo ulendo uno anabwera kudzafunsa. Gulu la ofufuza a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ku Scotland, pakati pawo Elias Chirwa, Bryson Nkhoma ndi David Wilson, linayerekeza utaka wa pa Mbenji ndi wa m'madzi oyandikana nawo amene amayendera malamulo a boma, ndipo linapeza kuti wa pa Mbenji ndi wokulirapo ndi wonenepa. Akuluakulu a boma tsopano amapita ku mwambo wotsegulira ndi wotsekera nyengo, ndipo pali mawu oti madera ena atengere chitsanzo. Kutengera kwake sikophweka: Mbenji ndi chilumba, wolowa ndi wotuluka amaoneka, ndipo mpando wa Makanjira uli ndi ulemu umene komiti yosankhidwa chaka chatha ilibe. Mbiri yabwinoyo yabweretsanso katundu wake. Nsomba zikamasowa kwina, mabwato ochokera m'maboma ena amachuluka pa Chikombe mu Epulo, ndipo komiti ya mfumu imadandaula za maboti akuluakulu okoka makoka amene amalowa m'madzi a chilumbacho nyengo ili yotseka, maboti amene chilolezo chawo chimachokera ku boma, osati kwa Makanjira.